Zikomo makolo, mdadada uja waima ndipo ana alowa m'kalasi

Kwa inu makolo nonse, agogo amene mukulera zidzukulu, a gulupu ndi nyakwawa za midzi yonse imene imatumiza ana pasukulu yathu ino: ife a komiti ya sukulu, a PTA ndi amayi a Mother Group tikuti zikomo kwambiri, tikuwomba m'manja. Mdadada wa makalasi awiri umene unagwa ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 waima tsopano. Wafoleredwa, pansi paikidwa simenti, ndipo ana a Sitandade 3 ndi 4 achoka pansi pa mtengo wa mango paja, pamene phunziro linkatha mtambo ukangoda. Zimbudzi zatsopano nazonso zayamba kugwira ntchito.

Tilemba motalikirapo pang'ono. Anzathu a makomiti a sukulu zina m'zoni muno akhala akutifunsa kuti tinayendetsa bwanji ntchitoyi, ndiye ndi bwino tifotokoze poyera. Komanso pali zina zimene aphunzitsi akuziona mwa ana masiku ano, zimene gwero lake ndi inu makolo, ndipo tikufuna muzidziwe.

Tiyambe ndi chimene chinagwetsa mdadada wakale, chifukwa si mphepo yokha. Njerwa zake anamangira dothi, maziko anali osazama, ndipo kuzungulira nyumba yonse kunalibe ngalande. Mvula itagwa masiku angapo osakata, madzi ochokera kumtunda anaima m'mbali mwa khoma. Khoma linamwa madzi kuchokera pansi, dothi la pakati pa njerwa linasanduka phala. Denga nalo linangokhomeredwa ndi misomali pamwamba pa khoma, popanda chomangirira. Mphepo italowa pa mawindo inalinyamula ngati chipewa.

Ulendo uno tinagwirizana zoumba mabuloko a simenti. Ena munafunsa kuti bwanji osangowotcha njerwa monga mwa masiku onse. Uvuni umodzi umadya mitengo yambiri, ndipo tonse tinaona ndi maso athu chimene madzi amachita akatsika m'phiri lopanda mitengo. Malamulo a zomangamanga a m'chaka cha 2018 nawonso salola njerwa zowotcha pa nyumba za boma monga sukulu. Muyezo umene tinatsata ndi thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50 ku mawilibala atatu a mchenga wa kumtsinje, osadzaza mpaka kupanga kaphiri, koma kulekeza m'milomo. Mchenga uyenera kukhala woyera. Mukaufumbata m'manja n'kutsala matope pachikhatho, umenewo uli ndi dothi, musaulandire. Madzi akhale ochepa, oti mukafinya chosakanizacho chigwirane koma osadontha. Akachuluka, buloko limaphwanyuka m'mbali pochotsa chikombole.

Pamene tinapunthwa ndi pothirira. Mabuloko oyamba anasiyidwa padzuwa, anauma msanga, ndipo patapita masiku ochepa m'mphepete mwake munkayoyoka ndi chala chabe. Simenti salimba ndi dzuwa ayi, amalimba ndi chinyezi. Kuyambira pamenepo mabuloko onse ankaumbiridwa pamthunzi, kufunditsidwa udzu, n'kumathiriridwa m'mawa ndi madzulo kwa masiku osachepera 7, ndipo sankapita pakhoma asanathe masabata anayi. Ntchito yothirirayi anaigwira ndi agogo athu, amene sakanatha kukankha wilibala. Mbandakucha mumawapeza ali ndi ndowa ndi kambale, akuwaza madzi mzere ndi mzere, osadumpha ngakhale buloko limodzi. Agogo, khoma limeneli ndi lanu.

Maziko anakumbidwa mpaka kupeza nthaka yolimba, osalekeza pa dothi lakuda la pamwamba. Konkire wake anali thumba limodzi ku wilibala imodzi ndi theka ya mchenga ndi mawilibala atatu a kwale, amene abambo munaswa ndi hamala padzuwa. Pamwamba pa maziko tinayala pulasitiki wakuda kuti chinyezi chisakwere khoma. Lintala, lamba wa konkire wa pamwamba pa khoma, yazungulira mdadada wonse, osati pa zitseko ndi mawindo pokha, ndipo m'kati mwake anamizamo zitsulo zopyapyala zimene zakulunga mapulanga a denga. Chimenechi ndicho chinasoweka pa mdadada wakale. Mapulanga anapakidwa mankhwala a chiswe asanakwere. Misomali ya malata yakhomedwa pamsana pa lata, osati m'ngalande mwake moyenda madzi, chifukwa pamenepo ndi pamene denga limayambira kudontha. Pansi, khonde la simenti lazungulira, ndipo ngalande yakumbidwa kumtunda kuti madzi azilambalala. Amisiri amene munavomera kuti komiti iziwerenga nanu matumba tsiku lililonse osakwiya, zikomo.

Za zimbudzi tinene mwachidule. Maenje akumbidwa ozungulira, chifukwa dzenje la makona limagumuka msanga, ndipo amangidwa m'kati ndi mabuloko poti dothi la kuno ndi lamchenga. Ali kumunsi kwa mjigo, pa mtunda woposa mamita 30, monga anatilangizira a zaumoyo. Za atsikana zili pazokha, zili ndi chokhomera cha m'kati komanso kachipinda kosinthira. Pakhomo pa chimbudzi chilichonse pali mpondagiya wosambira m'manja ndi sopo, sopo akatha phulusa. Kolera ya 2022 ndi 2023 tonse tikuikumbukira.

Tsopano tifike pa nkhani imene yatikhudza kwambiri.

Pamsonkhano woyamba a gulupu anagamula kuti mudzi uliwonse ukhale ndi tsiku lake, nyakwawa iziitana maina, ndipo mwana asabwere kudzagwira ntchito m'malo mwa kholo lake. Lamulo limeneli poyamba linawawa. Kunali kosavuta kutuma mnyamata wa Sitandade 7 kukatuta mchenga bambo ali ku ganyu. Koma mwana akajomba kalasi kuti akamange kalasi, ndiye tikumangira yani? Amene tsiku lawo linawombana ndi ganyu kapena maliro ankasinthana ndi mnansi. Odwala ndi okalamba ankapatsidwa ntchito yopepuka. Ndipo palibe mwana amene anabwezedwa kunyumba chifukwa kholo lake silinabwere kapena silinasonkhe. Pulaimale ndi yaulere kuyambira 1994, ndipo mlandu wa wamkulu sauweruzira pa mwana. Zotsatira zake, ana ankasuzumira pawindo n'kuona amayi awo enieni atasenza ndowa, abambo awo enieni ali mbuu ndi simenti. Aphunzitsi akuti m'makalasi atsopanowa simunalembedwe ndi khala pakhoma, ndipo mwana akaponda khoma ndi matope anzake omwe ndi amene amamudzudzula, amvekere: "Amayi anga anatuta mchenga umenewu."

Ndalama nazo tinaziyendetsa poonekera. Kubanki amasaina anthu atatu. Chipinda chosungira simenti chinali ndi maloko awiri, kiyi wina kwa aphunzitsi aakulu, wina kwa kholo losankhidwa ndi makolo anzake, kotero palibe amene akanatsegula yekha. Madzulo matumba opanda kanthu ankawerengedwa n'kufananizidwa ndi zimene zalembedwa m'buku. Malisiti onse ankamatidwa pabolodi panja pa ofesi, pamene aliyense wodutsa angawerenge. Sitinaganizire kuti owerenga oyamba adzakhala ana. Pa nthawi ya buleki ankaunjikana pamenepo, chala pa lisiti, kuwonkhetsa mitengo ya misomali, mpaka aphunzitsi a Sitandade 6 anayamba kutengako masamu a tsikulo. Mwana amene wakula akuona kuti ndalama ya gulu imalembedwa, imaonetsedwa ndipo imafunsidwa, sadzadabwa akadzafunsidwa iye.

Tithokozenso mwapadera mabanja amene munabweza malata. Mphepo ija inamwaza malata a sukulu m'minda ndi m'madimba, pa nthawi imene ambiri a inu nyumba zanu zinali zitagwa. Lata limodzi likanatseka pogona ana anu. Komabe munawasenza n'kudzawatula pabwalo la sukulu, ena opindika, ena abwinobwino, ana anu akukutsatani pambuyo. Malata amenewo ndi amene afolera khitchini ya phala. Sitikutchula maina, mukudzidziwa. Masiku ano kabokosi ka zinthu zotayika mu ofesi ya aphunzitsi aakulu kamadzaza mapensulo, makapu, nthawi zina ndi ndalama yachitsulo imene mwana watola pabwalo. Ife tikukhulupirira kuti kabokosi kameneka kanayambira pa malata aja.

Amayi ophika phala, inu ndiye mumadzuka nkhuku zisanatsike. Kwa amene akufuna kuyambitsa phala la makolo pasukulu pawo, muyezo ndi uwu: magawo anayi a chimanga ku gawo limodzi la soya. Soya akazingidwe kaye mpaka afiirire ndi kununkhira, apo ayi phala limamveka chiwisi ndipo ana amadandaula m'mimba. Chimanga chisankhidwe bwino, chowola ndi chachuku chitayidwe, osachimvera chisoni. Matumba akhale pa mathandala, osagunda khoma, kuopa chinyezi ndi anankafumbwe. Mwana mmodzi amawerengeredwa magalamu 100 a ufa, ndiye kuti thumba la makilogalamu 50 limadyetsa ana 500 tsiku limodzi. Ufa usungunulidwe m'madzi ozizira usanalowe mumphika wowira, kupanda kutero muchita mibulu, ndipo mthiko usaime, chifukwa mphika waukulu umapserera pansi pamwamba pakadali poyera. Chimene tikuthokoza kwambiri ndi mzere. Ana a Sitandade 1 amayamba, aliyense kapu yake m'manja, ena ataimangirira kachingwe m'khosi, ndipo chipande n'chimodzimodzi kwa onse. Mayi wophika saonjezera mwana wake, ngakhale mwanayo amuyang'ane ndi maso achisoni. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ana amaona zimenezi m'mawa uliwonse asanatsegule buku.

Amayi a Mother Group apempha kuti tithokoze makomo amene anawalandira bwino. Kachitidwe kake n'kotere: mwana akajomba masiku atatu otsatizana, mphunzitsi amapereka dzina, amayi awiri amapita kunyumba kwake madzulo, amakhala pamphasa n'kufunsa chimene chavuta. Sapita kukakalipa. Nthawi zambiri chifukwa chake chimakhala tsiku la msika, kulera mng'ono wake, kusowa sopo wochapira, kapena kanema wa pamsika amene amayamba m'mawa. Eni makanema amene mwavomera kusalowetsa ana nthawi ya sukulu, zikomo. Anankungwi ndi mafumu amene mwaika zinamwali pa holide kuti zisadye masabata a teremu, zikomo. Makolo amene mwalola ana anu aakazi kubwerera m'kalasi atabereka, inu n'kutsala ndi khanda, mwachita chinthu chachikulu. Ndondomeko ya unduna wa zamaphunziro imalola zimenezi, ndipo malamulo a dziko lino salola ukwati wa mwana wosafika zaka 18, koma lamulo palokha silinyamula khanda kumbuyo. Ananyamula ndinu.

Pothokoza sitibisa zimene zikutipwetekabe mtima. Alipo makolo amene mwana akabwera ndi dandaulo amathamangira kusukulu n'kuyamba kulalatira mphunzitsi ana onse akumva. Mawa lake mwanayo samveranso aliyense. Ngati pali cholakwa, ndipo aphunzitsi nawo amalakwa, njira ilipo: kwa aphunzitsi aakulu, kenako ku komiti, zikakanika kwa a PEA, alangizi a zamaphunziro a m'zoni muno. Alipo amene amatuma mwana kukagula kachasu usiku, kenako n'kumadabwa akamupeza akulawa. Tapezanso masamba a mabuku a sukulu atakulungira zitumbuwa pamsika, pamene m'kalasi buku limodzi akugwirizira ana angapo. Amayi ogulitsa, chonde, mukaona pepala lili ndi zithunzi za phunziro, funsani kumene lachokera.

Ndipo pali kantchito kena kosalira ndalama kamene mabanja ena ayamba, kamene aphunzitsi a makalasi aang'ono akuti akukaona pa kawerengedwe ka ana. Dzuwa lisanalowe, kholo limauza mwana kuti atulutse kope, aonetse zimene walemba lero, awerenge mokweza kwa mphindi 15 kapena 20. Kholo losadziwa kuwerenga lisachite manyazi. Kuyang'ana deti, kuona ngati mphunzitsi wachonga, kumvetsera mwana akugwa ndi kudzuka pa mawu, n'kokwanira. Abambo amene mwayamba kuchita zimenezi pakhonde m'malo mosiyira amayi okha, takuonani. Kwa amene ana anu ali mu Sitandade 8, muwachepetsere ntchito za m'mawa pamene mayeso a MANEB akuyandikira, ndipo tochi ya m'nyumba izikhala yawo madzulo.

Aphunzitsi athu, munaphunzitsa pansi pa mtengo, bolodi atatsamiritsa pa thunthu, fumbi likulowa m'maso, osatseka kalasi. Atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, munalengeza masiku a chitukuko mosatopa. Ana athu amene muli ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Joni, matumba a simenti amene munatumiza analembedwa onse m'buku, ndipo mukabwera pa holide mudzapemphe kuliona.

Ntchito yatsala ndi iyi. M'makalasi atsopanowa mulibe madesiki okwanira, ana ambiri akukhalabe pansi, ndipo komiti ibweretsa nkhaniyi pamsonkhano wa makolo wa teremu ino. Mvula ikangoyamba tidzabzala udzu wa vetiva m'mbali mwa ngalande ya kumtunda, mapesi motalikirana ngati kutambasula kwa chikhatho, ndi mitengo kumbali imene kumachokera mphepo, patali ndi khoma kuti mizu isadzasokoneze maziko. Kalasi iliyonse idzapatsidwa mzere wake wothirira. Ngalandeyo iyenera kuchotsedwa zinyalala mvula yoyamba isanagwe, ndipo tsiku lake nyakwawa zilengeza m'midzi. Mudzabwere ndi makasu ndi mafosholo, amene muli ndi wilibala musaisiye. Ana tsiku limenelo adzakhala m'kalasi.

Ndife anu,
Komiti ya sukulu, PTA ndi Mother Group