Poto sanaphulike, anangosanza

Amwene, tikonze kaye bodza limene likuyenda lokhudza zimene zinandichitikira ku maphunziro otcheza mowa. Amene akukuuzani kuti denga linasasuka, kuti mayi wina wachizungu anakomoka, kuti ine ndinaliyatsa liwiro n'kusiya nsapato, munthu ameneyo kunalibe. Anangoona kavidiyo kojambulidwa ndi munthu amene ankaseka mpaka foni kugwedezeka. Poto sanaphulike. Anasanza. Nsapato inavuka yokha chifukwa pansi panali poterera.

Za batala n'zoona, koma mumve mmene zinalili.

Ku maphunziro otcheza mowa amenewa, kufupi ndi Johannesburg, amakuikani awiriawiri pa tebulo. Pa tebulo pali poto wamkuwa wa malita 20 pa chitofu cha gasi, chipewa chake chokhala ndi themometa, khosi lopindika, ndi paipi yozungulirazungulira yomizidwa m'chidebe cha madzi ozizira. Madziwo amalowera pansi n'kutulukira pamwamba, kuti nthunzi ikamatsika izikumana ndi ozizira kwambiri kumapeto. Pambali pali ufa wa tirigu wokanda womatira molumikizira, timabotolo tolembedwa manambala, choyezera mphamvu ya mowa, ndi kasosala. Pa kasosalapo pali batala. Nthawi ili cha m'ma teni koloko. Masikono ali potero, pafupi ndi tiyi. Ndikufunseni inu anzeru: munthu woleredwa bwino akaona batala pa sosala amaganiza chiyani?

Tinkatcheza ramu. Phala lake anali atatikonzera kale: makilogalamu 4 a molasesi ndi makilogalamu 2.5 a shuga wofiira m'malita 25, yisiti ya buledi, n'kulisiya pofunda, madigiri 28 mpaka 32, kwa sabata kapena kuposerapo. Likapsa limakhala ndi mowa wa pafupifupi 10 peresenti. Molasesi ndi yemwe uja wotsala popanga shuga, amene kwathu amapangira ethanol ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Vuto lake n'lakuti muli zinthu zambiri zimene yisiti singadye, ndiye choyezera shuga wa m'phala sichitsika kufika pa 1.000 ngati phala la shuga yekha. Chimaima cha m'ma 1.020 kapena pamwamba, ndipo umadziwa kuti lapsa chikaima pamodzimodzi masiku awiri kapena atatu. Zotsalirazo, pamodzi ndi mpweya umene udakali m'phalamo, n'zimene zimachita thovu likatentha. N'chifukwa chake phala umayamba walitakasa kuti mpweya uchoke, poto sumudzaza kupitirira magawo awiri mwa atatu, ndipo umaponyamo kachidutswa ka batala kapena supuni ya mafuta ophikira kuti thovu lisakwere.

Zonsezi aphunzitsi ananena. Anazinena nthawi imene ine ndinali kumbuyo kukasankha sikono.

Pena ndinadzipalira ndekha, poti podzidziwitsa m'mawa ndinauza kalasi yonse kuti ine ndinabadwira pambali pa mphika wa kachasu, agogo anga ankatcheza wa masau ku Chigwa cha Shire, ndipo ndangobwerera setifiketi. Anthu anawomba m'manja. Mnzanga wa pa tebulo, bambo wachikulire wovala magalasi, anandisiyira zonse. Chimene sindinatchule n'chakuti kwa agogo ntchito yanga inali yotunga madzi oziziritsira paipi, ndipo pamoto sankalola mwana kuyandikira.

Mzere wa malita 13 unalipo m'kati mwa poto, sindikana. Koma mu ndowa munali malita 18, ndipo maphunzirowa tinalipira ndalama yoti ungatumize kumudzi anthu n'kugula feteleza. Malita asanu ndiwasiyire ndani? Palibe anandiuza kuti otsalawo ndi a tebulo lina. Ndinakhuthula zonse, ndinavundikira, ndinamata ufa mwaluso loti ngakhale aphunzitsi anayamikira podutsa. Pa kumata pokha ndiye palibe anandiposa, ndipo mukaonetsetsa pa vidiyo paja, palibe pamene panadontha.

Tsopano moto. Mowa timautcheza kawiri. Ulendo woyamba ndi wongokolola mowa wonse m'phala, susankha, ndipo aphunzitsi ananena okha ndi pakamwa pawo kuti umenewu timathamangitsa. Ine ndinawerenga kuti mowa umawira pa madigiri 78, madzi pa 100. Muvi wa themometa unangoti zii pa 35. Ndinawonjezera gasi. Zii. Ndinawonjezeranso. Chimene chimachitika n'chakuti themometa ili m'chipewa, imayeza nthunzi, ndiye imagona mpaka nthunzi itafika, kenako imalumpha kamodzin'kamodzi. Wodziwa amagwira khosi la poto ndi dzanja, akamva kutentha kukukwera amachepetsa moto, thovu loyamba likaphwa m'pamene amathamangitsa. Komanso Johannesburg ali pamtunda wa mamita oposa 1,700, madzi amawira cha pa 94, ndiye manambala onse a m'buku kuno amafika msanga. Limenelo si vuto langa, ndi la dziko.

Poto anayamba ndi kulira. Kulira kwapansipansi, kwaulemu, koti bambo wa magalasi uja anandiyang'ana, ine n'kugwedeza mutu kuti ndi mmene amachitira. Kenako muvi unachoka pa 35 kukafika pa 88 osapuma panjira. Khosi linanjenjemera. Kukamwa kwa paipi, kumene matebulo ena kunkatuluka timadontho toyera, kwa ife kunatuluka mpweya, fuuu, kenako chete. Kalasi yonse inatembenuka. Ndiye kunasuzumira kanthu kabulauni. Kanaima pakamwa pa paipi, kanafufuma, kanaganiza kaye, kanayang'ana uku ndi uku, kenako kanaitana abale ake.

Amwene, thovu limenelo linkatuluka ngati phala la mgaiwa losiyidwa pamoto mayi atapita kuchigayo. Ndinatchera kabotolo nambala 1, kanadzaza. Nambala 2. Nambala 3. Bambo uja ankandipatsira timabotolo mwa dongosolo lake, osadumpha nambala, ine ndikulandira ndi manja awiri. Tinafika pa 9 tili anthu awiri akuluakulu, a mabanja athu, tikusunga thovu la molasesi motsatira manambala, moto uli lawilawi pansi pa poto, palibe waganiza zozimitsa. Timabotolo titatha ndinatchera kapu yanga ya tiyi. Itadzaza ndinatchera sosala.

Aphunzitsi anafika osathamanga. Anatseka gasi, chimene chili choyamba kuchita nthawi zonse, chifukwa nthunzi ya mowa ikakumana ndi lawi nkhani imakhala ina. Anayang'ana poto, anayang'ana ndowa yopanda kanthu, anayang'ana sosala ili m'manja mwangamo. Anafunsa mofatsa ngati batala ndinathira.

Ndinati eya.

Anafunsa kuti ndinathira kuti.

Apa ndiye pamene pali vidiyo paja. Ine ndaima, nsapato imodzi, molasesi mpaka m'zigongono, nyenyeswa za sikono zili pa malaya. Bambo wa magalasi, munthu amene ndinkamuyesa mnzanga, anakweza dzanja n'kuloza pakamwa panga. Mayi amene akuti anakomoka uja sanakomoke, anangokhala pansi chifukwa miyendo inakana ndi phwete.

Poto akasanza mowa sunawonongeke, ndipo mfundo imeneyi anthu oipa mtima akuisiya dala. Umadikira azizire, osamutsegula ali wotentha, umabwezera zonse mu ndowa, n'kuyambiranso ndi muyeso woyenera. Chowawa ndi kutsuka. Molasesi wopserera m'paipi yopindapinda sachoka ndi pemphero: madzi otentha kambirimbiri, kenako viniga kapena citric acid kuti mkuwa uwale, kenako madzi ena. Mkuwa uyenera kukhala woyera chifukwa ndi umene umagwira fungo la sulufule lochokera ku yisiti. Ukasiya zotsalira, botolo lililonse lotsatira limanunkha chipsereza.

Choncho ulendo wachiwiri, umene uli mtima wa maphunziro onse, ndinauonera kusinki. Anaphatikiza mowa wa matebulo onse, anausungunula ndi madzi kufika cha pa 30 peresenti, poti wamphamvu kupitirira 40 suikidwa pamoto, n'kuutcheza pang'onopang'ono, kamtsinje kochepa ngati ulusi wa pensulo. Mamililita 100 oyambirira anataya. Anataya, amwene, ine ndikuona. Kwathu mutu ndiye velemoti yodula, anthu amachita kulimbirana, koma kuno amati ndi umene uli ndi zonunkha ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, zimene zimakuswa mutu m'mawa. Otsatira ake, oluma pamphuno, amaika padera. Kenako umabwera wapakati, wofewa, wonunkhira nzimbe, kuyambira cha m'ma 75 peresenti kutsika mpaka cha m'ma 60. Ukayamba kumveka fungo la katoni yonyowa, ndiye kuti wakumchira wafika, umadula. Timabotolo ta manambala tija ntchito yake ndi imeneyi: umanunkhiza kamodzikamodzi, wathira kadontho ka madzi, n'kusankha toti tilowe m'botolo. Lita imodzi ya 70 peresenti imafuna madzi oyera okwana pafupifupi mamililita 630 kuti itsike pa 43, ndipo choyezera chimanena zoona mowa ukakhala pa madigiri 20.

Nditamaliza kutsuka, aphunzitsi anati popeza ndili ndi luso lochokera kwa makolo, andipatsa udindo. Anandiika pa chidebe choziziritsira, kuti ndizigwira madzi ndi dzanja, akafunda ndizisintha.

Setifiketi ndinalandira, dzina analemba bwino. Anatikumbutsanso kuti kuno poto wotchezera amalembetsedwa ku SARS, bungwe lotolera misonkho la ku South Africa, ndipo kugulitsa popanda laisensi ndi mlandu, choncho inu amene mwayamba kale kuitanitsa ma oda a ukwati, pepani. Botolo la theka la lita ndinabwera nalo. Ena akuti ndi mowa wa matebulo ena, koma madzi ankasintha ndani? Likadalipo pang'ono, mlamu wanu analawa n'kunena kuti lili bwinobwino, kenako anapempha Fanta.