Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Chaka Chimene Ndinasiya Kutaipa ndi Zala Ziwiri

M'gawo lapita lija ndinakufotokozerani mmene ndinapezera ntchito yolowetsa makalata ndi malipoti mu kompyuta. Nthawi imeneyo ndinkataipa ndi zala ziwiri zokha, zamkombaphala, maso akuyendayenda pakati pa pepala, kiyibodi ndi sikirini. Pofika nthawi yoweruka khosi linkakhala litauma, mulu wa mapepala uli pomwepo. Choncho ndinatsimikiza mtima kuti chaka chimenecho chisanathe ndidziwe kutaipa ndi zala zonse osayang'ana pansi.

Amene anandionetsa poyambira ndi mayi ena achikulire a mu ofesi yathu, amene anayamba ulembi nthawi ya mataipilaita. Anandigwira zala zamkombaphala zija, china n'kuchikhazika pa F, china pa J, n'kundifunsa kuti, "Mwana wanga, ukumva timizere totukuka pamenepo?" Ndinayankha kuti, "Ndikumva, amayi." Anati pamenepo ndiye pakhomo pa zala. Za kumanzere zimakhala pa A, S, D ndi F, za kumanja zimayambira pa J, K, L mpaka batani lotsatira, ndipo zala zazikulu zimadikira pa batani lalitali lodumphitsa mpata. Chala chikapita kukamenya chilembo china, chibwerere pamalo pake. Atatero anayala nsalu pamwamba pa manja anga.

Zilembo za pa kiyibodi sizitsata ndondomeko ya alifabeti. Kasanjidwe kake, kotchedwa QWERTY potengera zilembo zoyamba za mzere wapamwamba wa zilembo, kanachokera pa makina otaipira a Christopher Latham Sholes, amene kampani ya Remington inayamba kugulitsa mu 1874, ndipo palibe nzeru imene ingakuuzeni chifukwa chake R ili pambali pa T. Zimafunika kuti zala ziloweze zokha. Kwa ife olemba Chichewa, tizala tating'ono takumapeto ndi timene timavutika kwambiri: A, amene sasowa m'mawu athu, ali pansi pa kachala ka kumanzere, ndipo kachizindikiro ka mu ng' ndi m' kamafuna ka kumanja. Tizala timeneti tinali tisanagwirepo ntchito yotere, moti tinkachita kunjenjemera.

Masabata oyamba anali owawa, chifukwa liwiro langa linatsika kuposa pamene ndinkagwiritsa ntchito zala ziwiri. Ndikuganiza kuti anthu ambiri amagwera pamenepa. Njira yakale imakhala ikukukopa, ntchito ikukudikira, ndipo palibe amene akuona phindu la zimene ukuchitazo. Ine ndinapatula kanthawi kochepa m'mawa uliwonse ntchito isanayambe, ndipo kenako ndinayamba kulemba makalata aafupi ndi zala zonse, malipoti ataliatali n'kumawasiyira njira yakale mpaka pamene zala zinalimba.

Mtima unkafuna kuti Loweruka lina ndingokhala tsiku lonse pa kiyibodi n'kuthana nazo. Mayi aja anandiletsa. Patapita zaka ndinawerenga kafukufuku amene anandionetsa kuti ankanena zoona. Mu 1978 Alan Baddeley ndi mnzake Longman anafalitsa zimene anapeza pophunzitsa kutaipa ogwira ntchito ku positi ku Britain. Amene ankaphunzira ola limodzi patsiku anadziwa ntchitoyo atathera maola ochepa kusiyana ndi amene ankaphunzira maola 4 patsiku. Chimene chinandikhudza n'chakuti a ola limodziwo ndi amene sanakhutire kwenikweni ndi maphunzirowo, popeza kwa iwo masiku ankachuluka. Maganizo amenewo ndimawadziwa bwino. Munthu umakhala ukupita patsogolo, koma mumtima ukuona ngati ukungotaya nthawi.

N'chifukwa chake ndinagula kakope. Sindinkalembamo liwiro, ndinkalembamo zilembo zimene zandipunthwitsa tsiku limenelo. Poyamba tsamba linkadzaza. Kenako panatsala B ndi Y, zimene chala chimayenera kutambasuka kuti chizifike, ndiponso manambala a mzere wapamwamba. M'mawa wotsatira ndinkayambira pa zomwezo, pang'onopang'ono, mpaka mzere utatuluka wopanda cholakwika. Tsiku limene mtima wagwa ndinkatsegula masamba akumbuyo n'kuona zilembo zimene zinasiya kale kundivutitsa. Umboni umenewo unali wanga ndekha, ndipo unkandikwanira.

Chakumapeto kwa chaka zinthu zinaima. Zolakwika zinachepa, koma liwiro linakana kukwera kwa milungu yambiri. Izinso si zachilendo: mu 1897 William Bryan ndi Noble Harter analemba za anthu ophunzira kulandira mauthenga a telegalafu (mauthenga odzera pa waya, omveka ngati kugogoda koimira zilembo), amene ankafika pena n'kuima kwa nthawi yaitali asanayambirenso kukwera. Iwo ankaganiza kuti pa nthawi yoimayo munthu amakhala akuchoka pa kumva chilembo chimodzichimodzi n'kuyamba kumva mawu athunthu. Zimene zinandichitikira zikugwirizana ndi maganizo amenewo. Ndinazindikira kuti "ndipo", "chifukwa" ndi "kwambiri" zayamba kutuluka ngati kumenya kumodzi, osatinso kuwerenga chilembo chilichonse. Ndinayamba kuyeserera dala timagulu ta zilembo timene timabwerabwera, monga nd, mb, kw ndi tch, ndipo liwiro linayambanso kusuntha.

Abwana anaona kuti mapepala sakugonanso patebulo panga. Tsiku lina anandiitana n'kundiuza kuti ndizilowa nawo m'misonkhano ndi laputopu kuti ndizilemba zokambirana anthu akulankhula. Ntchito imeneyo inafuna luso lina limene ndinalibe, lomvetsera n'kusankha choyenera kulembedwa, ndipo ndi imene inandichititsa kubwerera kusukulu ya madzulo. Nkhani ya sukuluyo ndidzaifotokoza m'gawo 10.