Mmene ndinaikira zolemba za API yathu pa intaneti

Pulogalamu yathu imathandiza ophunzira a pa University of Malawi kupeza zipinda za lendi ku Chikanda, Matawale ndi Chinamwali. Ine ndimagwira mbali ya seva, yomwe ndinailemba ndi FastAPI, chida chopangira API (njira yomwe mapulogamu amalankhulirana ndi seva). Mnzanga amapanga ya pa mafoni a Android, ndipo mafunso ake sankatha: tsiku alilembe bwanji, mtengo ndi wa mwezi kapena wa semesita, chipinda chikatengedwa seva imayankha chiyani. Ndinaona kuti mpofunika tsamba limodzi loti munthu awerenge n'kuyesa pomwepo.

Zonse zimayambira pa fayilo ya OpenAPI, yolembedwa mu JSON kapena YAML, yofotokoza endpoint iliyonse (adiresi ya pa seva yomwe pulogalamu imatumizako pempho), zomwe imafuna ndi zomwe imabweza. Kale inkatchedwa Swagger. Anaiyambitsa ndi Tony Tam mu 2011, ndipo mu 2015 inaperekedwa ku OpenAPI Initiative, pansi pa Linux Foundation. FastAPI imadzipangira yokha fayiloyi pa /openapi.json, n'kukupatsa masamba awiri owerengerapo zolembazo: Swagger UI pa /docs ndi Redoc pa /redoc. Apa sindinavutike.

Koma tsamba lobwera lokhalo linali mafupa okhaokha. Pa mtengo panali 0, pa dzina la dera panangolembedwa kuti "string". Munthu angaphunzirepo chiyani pamenepo? Apa mpomwe ndinathera nthawi yambiri, ndipo ndikuona kuti ntchito yeniyeni ndi imeneyi. Ndinalemba kuti mtengo ndi makwacha athunthu pamwezi, opanda matambala. Tsiku liziyamba ndi chaka, kenaka mwezi, kenaka tsikulo, monga mwa ISO 8601, chifukwa 03/04 wina amati ndi March, wina April. Nambala ya foni iziyamba ndi +265. Chitsanzo chilichonse ndinachilemba ngati chipinda chenicheni: cha ku Chikanda, cha anthu awiri, madzi a pampopi panja, magetsi ogula mayunitsi. Wowerenga akaona zotere sachita kufunsa kuti m'bokosimo muzilowa chiyani.

Ndinalembanso manambala omwe seva imayankha pamene zinthu zakanika, omwe ambiri amawadumpha. 401 ngati munthu sanalowe, 404 ngati chipindacho kulibe, 409 ngati wina wachisungitsa kale. Ya 422, ya pempho lolembedwa molakwika, FastAPI imaika yokha. Ya 409 ndiyo yofunika kwambiri kwa ife, poti sukulu ikamatsegulira ophunzira angapo amathamangira chipinda chimodzi, ndipo foni iyenera kuuza wochedwayo mwaulemu kuti ayang'ane china.

Tsopano za batani la "Try it out" la pa Swagger UI. Batani limeneli silinamizira: ukalidina kenaka n'kudina "Execute", pempho limapitadi ku seva. Ukayesa kufufuta chipinda, chafufutika basi. Choncho ndinakonza seva ina yoyeserera, yokhala ndi database yakeyake ndi zipinda zongopeka, ndipo pa gawo la servers m'fayilo ija ndinalembapo yokhayo. Eni nyumba anatipatsa manambala awo potikhulupirira, sakuyenera kuonekera kwa aliyense wotsegula tsamba. Pa seva yeniyeni ndinatseka zolembazi poika openapi_url kukhala None. Ndinafotokozanso za bearer token, kiyi yosonyeza kuti munthu walowa, kuti batani la "Authorize" lioneke, munthu alowetse token yake kamodzi n'kumayesa zonse.

Poziika pagulu ndinasankha GitHub Pages, malo oikapo masamba pa intaneti, popeza ndi yaulere ndipo tsambalo limakhalapobe ngakhale seva yathu itazima. Ndinatenga openapi.json, kafayilo ka index.html ndi mafayilo a swagger-ui-dist, omwe amaonetsa Swagger UI, n'kuziika m'foda imodzi. FastAPI payokha imakatenga mafayilo amenewa ku jsDelivr nthawi yotsegula tsamba, koma ine ndinafuna akhale athuathu, kuti netiweki ikavuta kapena bandulo ikatha tizitsegulabe zolembazo pa laputopu popanda intaneti.

Tsamba linatseguka bwino, koma kudina "Execute" kunkangobweretsa "Failed to fetch". Imeneyo ndi CORS, lamulo la chitetezo la browser. Tsamba lili pa adiresi ina, API pa ina, ndiye browser imakana mpaka seva italoleza. Ndinaonjezera CORSMiddleware n'kulembamo adiresi ya tsambalo yokha, osati kanyenyezi kololeza aliyense. Pomaliza ndinakonza GitHub Actions, yomwe imagwira ntchito zina yokha, kuti code ikangolowa mu main (nthambi yaikulu ya code yathu), fayilo ya OpenAPI izipangidwanso n'kutumizidwa yokha, zolemba zisamatsalire m'mbuyo.

Nditamutumizira linki mnzanga uja, anayesa kusungitsa chipinda chimodzi kawiri, 409 inabwera monga zinalembedwera. Kenaka anandiimbira.

"Achimwene, zonse zikuyenda. Koma mtunda wochoka pachipinda kukafika kusukulu uli pati? Ophunzira amayamba kufunsa chimenecho asanafunse mtengo."

Munalibedi. Ndinauonjezera m'mamita, ndi chitsanzo chake, ndipo code italowa mu main tsamba linasintha lokha.