Mabuku a pa tchuthi: pomwe tafika ndi Dickens

Tchuthi chachitali chino ndikuwerenga mabuku awiriawiri pamodzi ndi mwana wa mchemwali wanga, mtsikana wa zaka 15: limodzi la pa mndandanda umene aphunzitsi amapereka, lina lodzisankhira yekha.

Lodzisankhiralo tathana nalo kale. Anabwera ndi The Outsiders la S.E. Hinton, limene anzake ankabwerekana, ndipo sanaliike pansi mpaka kumapeto. Hinton anayamba kulilemba akadali pa sekondale ku Tulsa, Oklahoma, ndipo linatuluka mu 1967 iye ali ndi zaka 18. Lero masukulu ambiri a ku America amaliphunzitsa m'kalasi. Choncho ndimavutika kumvetsa anthu amene amati mabuku olembera achinyamata ndi ongotayitsa nthawi.

Ntchito inagona pa Great Expectations la Charles Dickens. Poyambira pake mpokoka: kamnyamata Pip kali kumanda, mkaidi wothawa akukagwira n'kukalamula kuti kabwere ndi chakudya ndi tupa yodulira unyolo. Koma patsogolo ziganizo zimatalika, mawu ndi akale, ndipo ndinayamba kumuona akupanikiza ndi chala masamba otsala kuti aone kukhuthala kwake. Wowerenga akayamba zimenezi, mtima wachoka kale m'nkhani.

Chimene chatithandiza n'chakuti Dickens sanalitulutse lonse nthawi imodzi. Linkatuluka pang'onopang'ono sabata ndi sabata m'magazini yake ya All the Year Round, kuyambira Disembala 1860 mpaka Ogasiti 1861, m'zigawo 36. Chigawo chilichonse chinkathera poti wowerenga aziyembekeza chotsatira. Nafenso tayamba kutero: mitu iwiri basi, kenako titseke buku ngakhale nkhani itakoma. Tsamba loyamba ndimawerenga mokweza ineyo, chifukwa Chingerezi cha Dickens chimamveka msanga m'khutu kusiyana ndi m'maso.

Titafika kwa Miss Havisham, mayi wokhala m'chipinda chamdima atavala diresi laukwati lothethekeratu, nsapato kuphazi limodzi, mawotchi onse ataimitsidwa, mtsikanayu anandifunsa kuti, "Amalume, kodi mayiyu anamuchita chiyani?" Ndinakana kumuuza. M'mawa mwake ndinapeza atawerenga yekha kupitirira pomwe tinagwirizana.

Ine sindili kumbali ya amene akufuna kuti mabuku akale achotsedwe pa mndandanda. Chimene ndimadana nacho n'kupatsa wachinyamata chibuku chotere kuti akalimbane nacho yekha pa tchuthi, popanda womufotokozera pamene pavuta, kenako n'kumuyesa mayeso sukulu ikatsegulidwa. M'kalasi mumakhala mphunzitsi ndi anzake. Pa tchuthi amatsala ndi buku lokha, foni ili pambali pake.

Pano Pip wapita ku London kukakhala munthu wapamwamba, ndipo wayamba kuchita manyazi ndi Joe, wosula zitsulo amene anamulera. Mtsikanayu wakwiya naye kwambiri, akuti Pip ndi wosayamika ndipo sadzamukhululukira. Tagwirizana kuti buku lina lodzisankhira lidikire kaye mpaka tione ngati asinthe maganizo.