Denja ndi masewera a ku Birmingham

Galu wathu dzina lake ndi Denja, koma dzinalo musalikhulupirire. Tinamupatsa akadali kamwana poganiza kuti adzakula woopsa, akuba a kuno ku Area 25 azingomva mbiri n'kubwerera panjira. Kukula anakuladi, koma ntchito imene amaidziwa bwino ndi kugona pansi pa mtengo wa mango n'kumasendera pang'onopang'ono kutsatira mthunzi. Mlendo akalowa pageti amangotsegula diso limodzi. Mukamva akuuwa, dziwani kuti kukhitchini avundukula poto.

Usiku wina magetsi atathima, ndikumaliza bandulo pa foni, ndinagwera pa kanema wa mpikisano wa agalu wa Crufts umene umachitikira ku Birmingham, ku England. Abale, kunjaku kuli agalu. Kagalu kena ka mtundu wa Border Collie kankadumpha timipanda, kulowa m'chipaipi chansalu n'kutulukira uko, kukwera thabwa lopendekeka, kenako n'kumazemba mitengo yozikidwa pamzere ngati wakabaza pakati pa maminibasi mu Malangalanga. Zonsezo mphindi imodzi isanakwane. Mwini wake osakakhudza n'komwe, chifukwa malamulo salola, iye kwake kunali kuthamanga pambali n'kumaloza ndi dzanja. Masewerawa amawatcha agility. Ndinawerenga kuti anayamba m'chaka cha 1978 pa chionetsero chomwecho chikadali ku London, pamene John Varley ndi Peter Meanwell ankafuna choti anthu aziyang'ana podikira gawo lotsatira, ndiye anangotengera mpikisano wa akavalo odumpha mipanda. Ndinasuzumira pakhonde. Miyendo inayi Denja ali nayo, mchira ali nawo. Chinkasowa ndi mphunzitsi basi.

Amayi a Tadala nditawauza anandiyang'ana nthawi yaitali. "Abambo a Tadala, galu wozungulira ngalande ya kubafa yomweyi poopa kudumpha, ameneyu ndi woti akapikisane ndi azungu?" Ndinawauza kuti sayansi ya agalu sakuidziwa.

Bwalo ndinalimanga kuseri kwa nyumba. Timipanda tinali ta njerwa ndi ndodo za mopu, zongosanjika osakhomera, chifukwa akatswiri amati uziyamba motsika ndipo ndodo izigwa yokha galu akaigunda kuti asavulale. Mitengo yozemba imakhala 12, motalikirana masentimita 60, ndipo galu polowa mtengo woyamba uzikhala kumanzere kwake. Ndinazula nsungwi zochirikizira tomato kudimba la amayi n'kuyeza ndi tepi yawo yosokera. Thabwa logwedezeka ndinapanga ndi thabwa la alandilodi limene linali kuseri kwa chimbudzi, n'kulisanjika pachitsa. Nsonga zake zimayenera kupakidwa mtundu wina, poti galu akatsika osapondapo amamudula mapointi. Penti ndinalibe, ndinapaka polishi wofiira wa pakhonde. Za chipaipi ndiye zinandivuta, mpaka maso anga anagwera pa mgolo wabuluu wapulasitiki umene timasungiramo madzi mpopi ukauma. Unali wong'aluka kale pang'ono kunsi, ndiye ine ndinangomalizitsa ndi sowo.

Kaphunzitsidwe kake n'kosavuta ukamamva pa foni. Galu akachita bwino umaliza kachipangizo kolira kuti "ke", nthawi yomweyo n'kumupatsa kachakudya. Kumenya ayi. Ine ndinagwiritsa ntchito bolopeni yodina ndi usipa wouma. Apa mpamene ndinadziwa kuti Denja si chitsiru, chifukwa zoti bolopeni ikalira kukubwera usipa anazigwira msangamsanga. Tadala akangodina bolopeni polemba homuweki, Denja balamanthu pakhomo, dovu chuchuchu.

Zinazo ndiye ayi. Kampanda ankakazungulira mwaulemu, kapena kunyamula ndodo yake n'kukaitafunira pansi pa mango. Pa thabwa anangoponda polishi uja kamodzi, n'kutsetsereka, kuyambira pamenepo akalidutsa ankaliyang'ana cham'mbali. Nsungwi zokha ndi zimene anazikonda. Ankayambira kumanzere monga mwa lamulo, n'kumakweza mwendo pa iliyonse, zonse 12, osadumphako ngakhale imodzi.

Mgolo ndiwo anaukaniratu. Ndikaponya usipa m'kati, iye ankadikira kuti mphepo iutulutse.

Loweruka lina chakumasana ndinaganiza kuti mwina galuyu sakumvetsa chimene ndikufuna, afunika kuonera wina. Ndinaika usipa m'thumba lakumbuyo la buluku kuti anditsatire, ndinagwada, n'kulowera kunsi kumene ndinadula kuja. Chimene sindinachiyeze ndi tepi ija ndi kukamwa kwa mgolo, kumene kumakhala kopanikiza kuposa pakati. Mutu unatuluka. Dzanja lamanja linatuluka. Phewa lamanzere linati ine ndatsala. Poti ndibwerere chafutambuyo, lamba anakola m'mano amene sowo inasiya m'mphepete. Gwa! Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi, dzuwa likuwotcha pulasitiki, thukuta kamukamu.

Ndipo m'kulimbana kumeneko bolopeni imene inali m'dzanja langa inalira kuti "ke".

Denja anachita zimene ndinamuphunzitsa. Anabwera kudzatenga malipiro ake. Ndinamva mphuno yozizira, kenako mano, kenako nsalu kuti pwee, ndipo kamphepo kanayamba kufika malo amene sikayenera kufika. Ndinaponya mwendo kuti ndimuthamangitse, mgolo n'kugubuduka. Kuseri kwathu n'kotsetsereka pang'ono, zimene ndinazidziwa bwino tsiku limenelo, chifukwa ndinaona thambo, dothi, thambo, dothi, mpaka ndinakaima pambali pa nyumba, mutu kuloza kubwalo la masewera, mbali inayo kuloza kugeti.

Geti linalira. Ndinamva Tadala akukuwa, "Agogo! Agogo abwera!"

Apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, ochokera ku Ntcheu. Munthu amene chikwatirireni sindinadyepo naye mbale imodzi, amene ndikamupatsa moni ndimayamba ndakhala pansi chapatali, manja pamodzi. Mapazi awo anaima kumbuyo kwanga. Panali zii.

"Mwaswera bwanji, bambo?" anatero, mawu ofatsa ngati palibe chachilendo.

"Ndaswera bwino, amayi, kaya inu? Mwayenda bwanji?" Ndinayesa kuomba m'manja mwaulemu, koma dzanja lina linali m'kati, ndiye ndinangomenya mgolo kuti phu, phu.

Anali atatibweretsera tambala wamkulu wachikuda. Potula katundu, kachingwe ka kumiyendo kanamasuka, tambala uja n'kuuyatsa kulowera kuseri. Zimene ndinaona kuchokera pakamwa pa mgolo ndidzafa nazo. Denja, Denja wathu yemweyu, anadzambatuka liwiro la mtondo wadooka. Tambala anadutsa pansi pa kampanda koyamba, Denja pamwamba, ndodo osagwedera. Kachiwiri chimodzimodzi. Tambala analowa m'nsungwi n'kumakhotakhota, Denja pambuyo pake, uku ndi uku, mpaka kumapeto. Tambala anakwera thabwa, Denja anakwera, thabwa linapendekeka, galu anatsika ataponda pofiira penipeni. Oweruza a ku Birmingham akanaimirira.

Munthu wanzeru akanakuwa kuti gwirani galuyo. Ine ndinakuwa kuti, "Tadala, jambula! Tenga foni ujambule!"

Tambala anauluka n'kugwera kuseri kwa mpanda wa aneba, kumene kuli atambala ena atatu ofanana naye. Mpaka lero nkhani ya amene ali wathu sinathe.

Kunditulutsa kunasonkhanitsa anthu. Aneba anakoka miyendo, ine n'kukuwa. Mnyamata wina anati abweretse sowo, ndinakana, poti ndinali nditaona kale ntchito ya sowo imeneyo. Wina anati athire mafuta ophikira, amayi a Tadala anati mafuta adula, botolo lawo lisakhudzidwe. Apongozi nthawi yonseyi anali atakhala pamkeka, atayang'ana kumbali monga mwa mwambo, chitenje chawo chimodzi atapereka kuti andifunditse kumbuyo. Kenako anafunsa osatembenuka, "Kodi pamotopo mwatereka chiyani?"

Linali therere.

Analidikira kuti lizizire, ine ndili momwemo, ana a m'dera lonse atatsamira pampanda. Kenako mkazi wanga anabwera ndi poto ndi chipande n'kuyamba kundithira m'khosi, paphewa, mpaka kumsana, akunjenjemera ndi phwete. Aneba anamasula lamba, anagwira miyendo, anawerenga mpaka katatu. Ndinatuluka kuti pholo, n'kukagwera pa tomato amene analibenso zomuchirikiza. Denja anabwera kudzandinyambita, ndipo ndikhulupirira sichinali chikondi.

Tadala anajambuladi. Kungoti mwana anamva kuti jambula, sanamve kuti ajambule ndani. M'kanemamo galu akuoneka kamodzi, mchira wokha. Zina zonse ndi mgolo wabuluu wokhala ndi miyendo. Pofika madzulo kanali kali kale pa gulu la WhatsApp la akuchikazi, ndipo alamu anga a ku Johannesburg anaimba foni osalankhula kanthu, kumangoseka mpaka mayunitsi kuwathera.

Nsima ya tsiku limenelo inavuta ndiwo. Usipa unali m'mimba mwa Denja, tambala kwa aneba, therere ndinali nditasamba. Amayi a Tadala anathyola nkhwani msangamsanga, ndipo ine ndinadyera kuchipinda. Ndili komweko ndinamva apongozi pakhonde akufunsa mwana wawo motsitsa mawu, mofuna kumvetsa ndithu.

"Ndiye kwa azunguko, wopambana amamupatsa chiyani?"

"Chikho, amayi."

"Oho. Nanga akakanirira choncho, iwo amathira chiyani, poti therere sadya?"