Sikelo yathu ya pa Kamwendo

Timagula soya ndi mtedza pa Kamwendo, kuno ku Mchinji. Sikelo ili kuseri, m'nyumba ya matumba, koma ndalama timalipirira pawindo kutsogolo. Kale mnyamata wa pasikelo ankalemba makilo pakapepala, mlimi n'kupita nako pawindo. Kapepala kankanyowa ndi thukuta, 7 n'kumaoneka ngati 1, mkangano n'kubuka. Zinkandiwawa kuona mayi amene walima chaka chonse akuchoka akutikayikira.

Tsiku lina mphwanga, mwana wa mlongo wanga, anati, "Amalume, malaputopu awiri muli nawo, rauta yowalumikiza ilipo. Bandulo sikufunika, makinawa angolankhulana okha."

Analemba timapulogalamu tiwiri m'chilankhulo cha makompyuta chotchedwa Python, pogwiritsa ntchito chimene amati socket, njira imene mapulogalamu amalankhulirana. Anandifotokozera kuti adiresi ya IP ili ngati nyumba, port ndiye chitseko chake. Laputopu ya pawindo ndi seva: imatsegula port 5000 n'kukhala phee, kudikira wogogoda. Ya kusikelo imagogoda pa adiresi ya seva, 192.168.1.10, ikalandiridwa mnyamata amalemba makilo n'kutumiza. Anasankha njira yotumizira uthenga yotchedwa TCP chifukwa uthenga ukatayika panjira imautumizanso, ndipo umafika m'ndondomeko yake. Njira ina, UDP, imangoponya osayang'ana ngati wafika. Pa ndalama za mlimi sitikanalola zimenezo.

Tsiku loyamba zinakanika. Seva anaiika pa 127.0.0.1, adiresi imene kompyuta imadziitanira yokha. Atasintha kukhala 0.0.0.0, kutanthauza kulandiranso makompyuta ena, khomo linatseguka.

Chimene sindidzaiwala chinachitika mzere utatalika. Agogo ena anabwera ndi matumba awiri, lina makilo 48, lina 52. Pawindo panatuluka 4852! Mayi a kunyumba, amene amagwira ndalama, anangogwira pakamwa.

Mphwanga sanagone usiku umenewo. M'mawa anati, "Amalume, TCP ili ngati madzi a mumpopi. Mukathira ndowa ziwiri motsatizana, kutsogolo simungadziwe pamene yoyamba yathera." Ndiye anakonza kuti uthenga uliwonse uzithera ndi chizindikiro cha mzere watsopano, ndipo seva izisunga zimene yalandira mpaka itachiona chizindikirocho. Anawonjezanso kuti seva iziyankha "ndalandira" mnyamata asanatsitse thumba pasikelo.

Agogo aja anabweranso ndi mtedza. Tinawatembenuzira laputopu kuti aone okha. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chili pagalasi, kenako anamanga ndalama zawo pakona ya chitenje.