Musanasankhe wokupatsani uphungu wa za maganizo

Wopereka uphungu ndi dokotala wa matenda a maganizo ndi anthu awiri osiyana: mankhwala amalemba ndi dokotalayo. Yambani mwadziwa chimene chikukusowetsani tulo, kaya ndi nkhawa, chisoni cha maliro kapena mowa, ndipo mumufunse ngati anathandizapo anthu a vuto lomwelo. Funsaninso za maphunziro ake ndi chiphaso chogwirira ntchito. Wodziwa ntchito sakwiya nalo funso limeneli. Za chinsinsi mumve tsiku loyamba lomwelo. Kawirikawiri amaulula pokhapokha moyo wanu kapena wa wina uli pachiswe.

Mukumane katatu kapena kanayi musanaweruze, poti poyamba aliyense amamangika. Koma akamangoyang'ana foni inu mukulira, kukudzudzulani, kapena kulonjeza kuti muchira m'sabata imodzi, kafuneni wina.